Mkaka ulipo, koma mwanayo mumusiye kuno

Chaka cha 2006 kuno ku Mchinji kunachitika zinthu ziwiri zokhudza ana, koma dziko linamva chimodzi chokha. Mu Okutobala, woimba wa ku America, Madonna, anatenga kamnyamata ka chaka chimodzi kumalo osungirako ana a Home of Hope, bwalo lalikulu la milandu ku Lilongwe litamupatsa chilolezo choyembekezera. Atolankhani a mayiko akutali anakhamukira kuno, ife tikumvera pa wailesi dzina la boma lathu likutchulidwa mokhotakhota. Chinacho chinalibe makamera. Boma, mothandizidwa ndi UNICEF, linayamba kuyesa kupereka kandalama ku mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu woti n'kugwira ntchito, ndipo linayambira m'boma lino. Ndiyo Mtukula Pakhomo ija, yomwe lero inafika m'maboma onse 28.

Anthu mpaka lero amatsutsanabe ngati Madonna anachita bwino kapena ayi. Ine mkangano umenewo sundikoka. Chimene chimandikhala pamtima n'chakuti bambo ake a mwana uja anali moyo. Mayi ndi amene anamwalira mwanayo atangobadwa, bamboyo n'kukamusiya kumalo osungirako ana chifukwa analibe pogwira. Mu 2017 woimba yemweyo anatenganso mapasa aakazi kumalo omwewo, ndipo nkhani yake inali yomweyo: mayi anapita ndi uchembere, bambo alipo. Ndiye tizifunsana, zimatheka bwanji kuti kholo lamoyo, losapenga, losaledzera, lione kuti njira yokhayo yopulumutsira khanda lake ndi kulipereka kwa alendo? Nthawi zambiri yankho lake ndi laling'ono mochititsa manyazi. Ndi mkaka.

Kwathu zinatigwera mu 2012, kwacha itangogwetsedwa kumene, mitengo m'magolosale ikusintha mlungu uliwonse. Mchemwali wanga, mwana wa amayi anga aang'ono, anachira bwinobwino mwana wamwamuna, koma magazi sanasiye, ndipo sabata isanathe tinali pamaliro. Anasiya ana atatu: mtsikana wa Sitandade 6, mnyamata wa Sitandade 3, ndi khandalo. Alamu anali mkamwini. Titameta anasudzulidwa monga mwa mwambo, anabwerera kwawo, kenako tinamva kuti alowa utenanti ku esiteti ina ku Kasungu. Sindiwanena zoipa. Munda unali wa akuchikazi, ana anali a mbumba yathu, iwo pamudzipo analibe chawo kupatula njinga ndi khasu.

Ana onse atatu anatsalira amayi aang'ono, munthu wa mawondo otupa amene ngakhale kudimba ankapita modzikoka. Khandalo anayamba kulimwetsa mkaka wa ng'ombe wosungunula ndi madzi, tsiku lomwe mkaka wasowa ankalipatsa kaphala kamadzimadzi kosefa pansalu. Linayamba kutsegula m'mimba, liwombo n'kulowa. Kusikelo anesi anawauza zoona, kuti mwana wa msinkhu umenewo m'mimba mwake simungalandire phala, afunika mkaka wa m'chitini. Chitini chimodzi chinkadya ndalama yoposa ya ndowa ya chimanga, ndipo sichinkatha sabata. Ine nthawiyo n'kuti ndili kusukulu ya uphunzitsi, m'thumba muli ya sopo yokha.

Amfumu anatilembera kalata, tinakwera matola kupita ku ofesi ina yomwe anatilozera. Tinapezamo bambo mmodzi, waulemu wake, atazunguliridwa ndi mafayilo osanjikizana m'makatoni. Pakhonde panali njinga yamoto ya ofesiyo, tayala lakumbuyo litaphwa, fumbi litakuta chishalo. Anawerenga kalata ija, anasuzumira mwana kumsana, n'kupumira m'mwamba.

"Amayi, pepani ndi zovutazi. Koma kunena zoona, ofesi ino ilibe thumba la mkaka. Chomwe ndingathe ndi kukulemberani kalata yopita kumalo osungirako ana. Kumeneko amulandira."

"Kumeneko mkakawo uliko, achimwene?"

"Uliko, amayi."

"Nanga bwanji osangotipatsako, ndizikamumwetsera pakhomo? Manja ndili nawo, mchemwali wakeyu amadziwa kubereka."

"Sizimayenda choncho. Mkakawo ndi wa ana omwe ali m'katimo."

Amayi aang'ono sanayankhenso. Anangomanga bwino nsalu, n'kulandira kalatayo ndi manja awiri. Malowo anali m'boma loyandikana nalo, ulendo wa maminibasi awiri. Anatilandira bwino, zipinda zinali zaukhondo, mwana anayamba kunenepa. Pa fomu, pamalo olemba za mwanayo, analemba kuti ndi wamasiye, ngakhale tinanena kuti bambo ake ali moyo.

Zimene ananena bambo a muofesi aja ndi mmene dongosolo lonse la chisamaliro cha ana limayendera kwathu kuno. Ndalama zimatsata bedi. Wachifundo wa ku Ulaya kapena ku America amapereka mosavuta akaona chithunzi cha nyumba yopaka penti, ana atavala yunifolomu yofanana, chikwangwani chili pageti. Gogo wokhala m'nyumba yaudzu amene akungofuna zitini za miyezi isanu ndi umodzi, sopo ndi ya kabaza yopitira kusikelo alibe chikwangwani. Chonsecho kusunga mwana mmodzi kumalo otere, kulipira olera, ophika, alonda ndi magetsi, kumadya ndalama zomwe zikanasunga khomo lonse la gogoyo. Boma limadziwa. Ndondomeko zake zimanena kuti mwana azikulira m'banja, ndipo malo osungirako ana akhale njira yomaliza. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 lili ndi njira zina, monga kupereka mwana kwa womulera m'banja lina movomerezeka. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lakhala likuyendera malo amenewa, ndipo zomwe limapeza si zachilendo kwa ife akumudzi: ana ambiri m'menemo ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo, chinawapititsako ndi umphawi. Koma njira yomaliza ija ndi yokhayo yomwe ili ndi chakudya, ndiye imasanduka yoyamba.

Wina afunsa kuti nanga Mtukula Pakhomo uja, woyambira kwanu komweko? Pepala lake likufotokoza ndendende khomo ngati la amayi aang'ono: losaukitsitsa, mutu wa banja ndi wokalamba, ana ambiri. Ndipo ndisanamize, pomwe ndalamayi yafika imagwira ntchito. Ndaona ana akubwerera m'kalasi mwanga ndi makope chifukwa cha iyo, ndaona mbuzi m'makola momwe munalibe. Vuto ndi khomo lolowera. Amalemba mabanja khumi pa 100 aliwonse, ndipo kalembera amachitika pakapita zaka. Imfa siyang'ana kalendala ya kalembera. Khomo lomwe chaka chatha linali ndi mayi ndi bambo amphamvu, lero lagwa, liyenera kudikira. Khanda silidikira. Onjezerani kuti gawo lalikulu la ndalamazi limachokera kwa abwenzi akunja monga World Bank, Germany, European Union ndi Ireland, ndipo kwa zaka zambiri boma lathu linkalipira lokha boma limodzi, la Thyolo. Chinthu chomwe chimasunga ana pakhomo tinachisiya m'manja mwa alendo.

Fayilo inatsegulidwa ya khanda lokha. Za ana awiri aakulu aja palibe anafunsa, ngati kuti mayi anamwalirayo anali wa mwana mmodzi.

Mnyamata anayamba kujomba, kenako anasiyiratu. Chilimwe china kunabwera bambo wina pa njinga, wolankhula Chinyanja cha kutsidya, akufuna anyamata oweta ng'ombe cha ku Chipata. Analonjeza chakudya, zovala, ndi njinga pakutha pa chaka. Anthu a ku Lilongwe akamva za malire amaganiza za chipata cha Mwami, mapasipoti ndi zidindo. Ife timadziwa kuti malire ndi mzere wa m'munda. Umadutsa ndi khasu paphewa, mbali zonse ziwiri ndi Achewa ndi Angoni omwewo, maliro timayenderana. Mwana wa zaka khumi akawoloka m'njira zachidulezi palibe buku lomwe limalemba. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira 2015 tili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu. Koma lamulo limafuna munthu woti aone kuti pa benchi ya Sitandade 4 pachepa mutu umodzi, atsatire kunyumba, ndipo akapeza kuti vuto ndi njala akhale ndi choti apereke. Mphunzitsi wa ana oposa 100 m'kalasi amangolemba mzere m'kaundula. Mnyamatayo anabwerako patapita zaka, wamtali, mapazi ong'ambika, wopanda njinga, wosatha kulemba kalata. Pano amasoka fodya m'zigafa za eni.

Za fodya ndingodutsapo, poti ambiri mukuzidziwa. Mu 2009 bungwe la Plan linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'dziko muno, lofotokoza mmene chikonga chimalowera pakhungu mwana akamathyola masamba onyowa. Zinthu zinagwedezeka zenizeni mu Novembala 2019, dziko la America litayamba kugwira fodya wathu pamadoko ake chifukwa cha nkhani za ana ndi ntchito yokakamiza, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Onani chomwe chinatidzutsa: msika. Misozi ya ana inalipo kale zaka zonsezo.

Nkhani ya mtsikana ndi yomwe imandiwawa kwambiri, ndipo ndiifotokoza mosamala chifukwa mwini wake ndi mayi tsopano. Mayi wina wa mumpingo, wokhala ku Lilongwe, anamupempha kuti azikathandiza kulera mwana, n'kulonjeza kuti sukulu akapitiriza komweko. Amayi aang'ono anavomera ndi mtima woyera, poona kuti pakamwa pamodzi pachepa ndipo mwana akaphunzira m'tauni. Sukuluyo sanaiponde. Anabwerako ali ndi zaka 15, ali woyembekezera, ndipo mwini mimbayo anali wachibale wa pakhomo pomwe ankagwira ntchitopo, munthu wamkulu wandevu zake.

Lamulo apa silinkazungulira: kugona ndi mtsikana wosakwana zaka 16 unali mlandu waukulu, kaya wavomera kaya ayi. Tinakanena. Anatilandira bwino ndithu, mayi amene anatimvetsera anali wachifundo. Kenako mlandu unayamba kufuna ndalama. Unachitikira ku Lilongwe, ndiye mboni zizipita ku Lilongwe. Lipoti la kuchipatala, thiransipoti. Kukaloza nyumba, thiransipoti, ndipo galimoto ya ofesi ilibe mafuta, mwina abale muthandizepo. Umboni wa zaka za mwana: chiphaso chobadwira analibe, monga ana ambiri obadwira kumudzi nthawi imeneyo, ndipo kabuku ka kusikelo kanadyedwa ndi chiswe kalekale. Tsiku la mlandu likafika, mwafika m'mawa ndi ndalama yokongola, mukumva kuti wasunthidwa. Woganiziridwayo ali pa belo, akuyenda ndi galimoto yake.

Mkati mwa kudikiraku, abale a bambo uja anatulukira kumudzi ndi shuga, nsalu, thumba la feteleza ndi envelopu. Anakhala pamphasa ndi amalume, eni mbumba, n'kupempha kuti nkhaniyi ithere pachiweniweni. Amalume analandira. Ine ndinakwiya, ndipo mpaka lero ndimati analakwa. Koma mawu omwe anandiuza tsiku limenelo sindinawapezere yankho: "Iwe mphwanga, boma lako lija latipatsa chiyani? Munthuyu akamangidwa, mwana akubwerayu adzadya chigamulo?" Mboni zinasiya kupita, mlandu unazilala wokha. M'mabuku mwina analemba kuti odandaula sanabwerenso, ndipo pamsonkhano wina wake munthu wovala tayi anadandaula kuti anthu akumudzi amabisa milandu chifukwa cha chikhalidwe.

Mawu oti chikhalidwe amenewa amabisa zambiri. Inde, miyambo yoipa ilipo, ndipo mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anaonetsa kuti mfumu ikalimba mtima maukwati a ana amatha. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Zonsezo n'zabwino. Koma mtsikana mwamuchotsa kubanja, mwamubweza kwa gogo yemwe anamukwatitsa chifukwa cha njala, mwajambulitsa, mwapita. Mawa lake adya chiyani? Fizi ya ku sekondale alipira ndani? Ndaona atsikana olanditsidwa chotere akubwerera okha kwa amuna aja mvula isanagwe. Kulanditsa kuli ndi bajeti, kutsatira kulibe.

Akuluakulu a boma akafika pamsonkhano amakonda kutikumbutsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amanena ngati kuti mbumba ndi chitsime chosaphwa. Mbumba yomweyi inanyamula ana a Edzi zaka za m'ma 1990, inanyamula njala ya 2002, minda yagawidwa mpaka yatsala timizere, feteleza anakwera, mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Agogo akulerabe, ndipo ndi iwo amene asunga ana ambiri m'dziko muno kuposa ofesi kapena bungwe lina lililonse. Chomwe akusowa ndi wowagwira mkono.

Khanda lija linabwerako lili ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Nthawi imeneyo mfundo inali itatembenuka, boma ndi mabungwe akulimbikitsa kubwezera ana kwa abale awo, ndipo malo aja thandizo linali litayamba kuchepa. Mfundoyo ndi yolondola, ndimaivomereza. Koma kachitidwe kake! Galimoto inaima pabwalo, anatsitsa mwana, matiresi, bulangete, kasutikesi ndi thumba la ufa wa phala. Amayi aang'ono anathamanga mwa mawondo awo omwewo kuti amunyamule, mwana anabisala kumbuyo kwa dalaivala. Sankawadziwa. Pa zaka zonsezo anakamuonako mwa apo ndi apo, ndalama ya minibasi ikapezeka, ndipo kwa iye anali gogo wina wobwera ndi nthochi.

Masabata oyambirira anali ovuta kuwaonera. Nthawi ya nsima ankatenga mbale yake n'kukaima pakhomo, chilili, kudikira belu. Kudyera limodzi m'mbale imodzi ndi anzake kunkamunyansa. Chimbudzi chokumba ankachiopa, usiku ankalira kufuna getsi, ndipo anayamba kukodza pogona. Ana a pamudzi anamupatsa dzina loti bwana chifukwa cha nsapato. Akalakwa sankayang'ana munthu kumaso, ankangouma gwa, ndipo aliyense wobwera ndi galimoto ankamuthamangira n'kumugwira dzanja, ngakhale mlendo wogula mtedza. Mkulu wake, amene anakulira kubusa, ankamuda poyera: uyu anadya mpunga ife tikugona ndi njala. Ana a mimba imodzi, wina akuchitira nsanje mnzake chifukwa anatengedwa, winayo akudabwa chifukwa chake anaperekedwa yekha. Omubweretsa aja analonjeza kuti azidzayendera. Anabwera koyambirira, ufa utatha sitinawaonenso.

Sindikufuna kuti wina awerenge izi n'kukanyoza ogwira ntchito zoteteza ana m'madera mwathu. Ndimawadziwa, ena timapemphera limodzi. Ambiri ndi ongodzipereka, osalandira malipiro, amayenda pa njinga zawozawo midzi yotalikirana, mayunitsi a foni akugula okha. Munthu wotere akapeza mwana womenyedwa usiku, amugoneka kuti? Nthawi zambiri kunyumba kwake, pamphasa ya ana ake. Nambala ya foni ya 116 yonenera nkhanza zochitira ana ilipo, yaulere, ndipo ndimauza ana a m'kalasi mwanga kuti ailoweze. Malo a Chikwanekwane m'zipatala zina, komwe mwana wochitiridwa nkhanza amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pamodzi, ndi nzeru yabwino kwambiri. Koma foni ikalira, pamapeto pake pamafunika munthu woti akwere chinthu n'kufika pakhomopo, ndipo apo m'pamene unyolo umadukira. Ndalama za maphunziro a masiku atatu ku Mponela, ndi ma alawansi ake, sizisowa. Za malita awiri a petulo ndi chubu cha njinga ija ndiye zimasowa chaka chonse. Makhansala athu akamakambirana bajeti ya khonsolo, mumve nthawi yomwe amathera pa milatho ndi misika, poti zimenezo zimaoneka pa kampeni.

Chomwe ndikanakonda n'chosavuta kuchinena. Mayi akamwalira ndi uchembere, chipatala chimadziwa tsiku lomwelo, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo amadziwa, amfumu amadziwa. Pasamafunike kuti gogo ayende ndi kalata. Khomo limenelo lilowe mu Mtukula Pakhomo mwezi womwewo osadikira kalembera, mkaka uperekedwe kusikelo monga amaperekera chiponde kwa ana onyentchera, ndipo fayilo ikhale ya ana onse a pakhomopo, ndi bambo awo omwe ngati alipo. Mlandu wa mwana ukapita kukhoti, thiransipoti ya mboni isachoke m'thumba la wodandaula. Eni malo osungirako ana amene alidi ndi mtima wa ana, ndipo alipo, atulutse mkakawo kunja kwa geti.

Mwezi wathawu m'mudzi woyandikana ndi sukulu yomwe ndimaphunzitsa mwachitikanso zomwezi: mayi wapita, wasiya khanda la masabata awiri ndi ana ena atatu. Amayi a chigwirizano tagwirizana zosonkha, aliyense zomwe angathe, ndipo tawerengera kuti tikalimba mpaka mwana afike miyezi isanu ndi umodzi, phala la soya lidzatipepuza. Wina mwa ife watenga udindo woonetsetsa kuti ana aakuluwo akufika m'kalasi tsiku lililonse. Bambo awo tawapempha kudzera kwa amfumu kuti asasudzulidwe msanga, alime kaye chaka chino pomwepo. Ku ofesi tinakanena, ndipo anatilembera m'buku. Anati mafuta akapezeka abwera.